Kodi amalume angandiimire pa viza yopita kwa amuna anga ku UK?

"Zikomo, ndithandizeni maganizo. Ine ndimakhala ku Lilongwe, amuna anga ali ku Leicester. Akhalako zaka zambiri, ndipo chaka chatha adalandira chilolezo chokhala ku UK mpaka kalekale. Tidamanga ukwati zaka zitatu zapitazo, mphatso ya mwana sitinalandire. Iwo amagwira ntchito yosamalira okalamba, amalipidwa pa ola, ndipo pachaka amapeza pafupifupi £24,000. Tamva kuti ndalamazi n'zosakwana kuti anditenge. Koma ndili ndi amalume ku Manchester, alongo awo a mayi anga. Ndi a nesi, amalandira bwino, ali ndi nyumba yawoyawo. Akuti ndi okonzeka kulemba kalata yoti adzandisamalira, ngakhale kupereka ma payslip awo. Mnzanga wina yemwe adapita ku America adathandizidwa chomwecho ndi msuweni wake. Kodi ku UK n'zotheka? Tulo sindikuliona nayo nkhaniyi."

Mayi, zikomo polemba, ndipo khazikani mtima pansi. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuthandiza mabanja pa mapepala a viza ya UK, funso lanuli ndalimva kambirimbiri, ndipo ambiri omwe adayambira pomwe mulipo inupa lero akudyera mbale imodzi ndi amuna awo. Koma ndikuuzeni zoona poyambirira pomwe, kuti musataye ndalama pachabe. Kalata ya amalume yolonjeza kukusamalirani, pamodzi ndi ma payslip awo, siwerengedwa pa viza ya anthu okwatirana. Ngakhale atamalandira £60,000 pachaka, ofesala wa ku Home Office, unduna wa boma la UK woona za ma viza, sawonjezera ngakhale paundi imodzi pa malipiro a amuna anu. Komabe amalume ali nalo gawo, lalikulu ndithu. Kungoti njira yomwe iwo akuiganizira ndi yotseka, pomwe zina zili zotsegula, ndipo ndikuonetsani.

Ndikudziwa kuti kwa ife zimenezi n'zovuta kumvetsa. Kwathu malume ndi mwini mbumba. Mwana wa mlongo wake akadwala, akasowa fizi, ukwati wake ukagwedezeka, iye ndiye amayamba kuitanidwa, ndipo mawu ake amalemera. Lamulo la ku UK limaona zinthu mwina. Malamulo a viza ya banja, omwe amatchedwa Appendix FM, pa viza ya anthu okwatirana amazindikira munthu m'modzi yekha ngati wokutengani: mwamuna kapena mkazi wanu. Gawo lofotokoza za umboni, Appendix FM-SE, limanena poyera kuti malonjezo a thandizo lochokera kwa munthu wina salandiridwa. Maganizo a boma ndi akuti lonjezo la wachibale litha kusintha mawa, ntchito ikamuthera kapena mukayambana, ndiye likufuna kuona kuti banjalo lingadziimire palokha.

Mnzanu wa ku America sadakunamizeni. Kumeneko kuli fomu yotchedwa I-864, ndipo malipiro a wokutengayo akachepa, munthu wina wokhala ku America, nzika kapena wa green card (chilolezo chokhalitsa kumeneko), atha kusaina nawo ngati joint sponsor, ngakhale asakhale wachibale. Wosainayo amakhala wadzimanga mwalamulo kwa zaka zambiri. Ku UK dongosolo lotere kulibe. Mabanja ambiri amasokonekera pamenepa, chifukwa pa magulu athu a WhatsApp malangizo a ku America, a ku Canada ndi a ku UK amangosakanikirana.

Mfundo yoti amuna anu ali ndi chilolezo chokhala mpaka kalekale, chija amati ILR, ndi yofunika kwambiri, chifukwa ndiyo ikukuikani pa njira ya viza ya banja. Ena owerenga amuna kapena akazi awo akadali pa viza ya ntchito. Amenewo malamulo awo ndi ena, ndipo osamalira okalamba omwe adapempha viza yawo kuyambira pa 11 Malichi 2024 saloledwa kutenga mabanja awo. Inu zimenezo sizikukukhudzani.

Tsopano tione masamu. Kuyambira pa 11 Epulo 2024, wokutengani ayenera kuonetsa kuti amapeza £29,000 pachaka, msonkho usanadulidwe. Kale, kuchokera mu 2012, zinali £18,600, ndipo n'chifukwa chake achibale omwe adatenga akazi awo zaka zapitazo angakuuzeni kuti £24,000 ndi yokwana. Panthawi yawo inali yokwana. Chiwerengerochi boma litha kuchisinthanso, choncho tsiku lomwe mukukonzekera kupempha, kaoneni pa tsamba la gov.uk. Pakadali pano amuna anu akuperewera £5,000. Malipiro anu a ku Lilongwe, ngati muli pa ntchito, sawerengedwa pa pempho loyambali, chifukwa ntchitoyo mudzaisiya ponyamuka.

Apa ndi pomwe amalume angalowere. Lamulo lomwelo lomwe limakana lonjezo limalola mphatso. Ndalama zosungidwa ku banki zitha kudzaza pomwe malipiro aperewera, ndipo ndalamazo zitha kuchokera kwa wachibale, bola zikhale zoperekedwa kotheratu, gwero lake lifotokozedwe, ndipo zikhale mu akaunti ya inu, ya amuna anu kapena ya nonse awiri kwa miyezi 6 musanapemphe viza. Kuwerengera kwake n'kotere: £16,000 yoyamba saiwerenga n'komwe. Pamwamba pake pamafunika ndalama yoperewerayo kuchulukitsa ndi 2.5, chifukwa viza imatengedwa ngati ya zaka ziwiri ndi theka. Kwa inu, £5,000 kuchulukitsa ndi 2.5 ndi £12,500, kuphatikiza £16,000 ikukwana £28,500. Amene alibe malipiro alionse ndipo akudalira zosunga zokha amafunika £88,500.

Ndi ndalama yambiri, sindikubisa. Koma sikuti yonse ichokere kwa amalume. Ngati amuna anu asungapo £9,000, inu muli ndi kenakake, amalume n'kuwonjezera, mwinanso mlamu wina n'kuponyapo, zonse zimawerengedwa pamodzi malinga zakhala m'manja mwanu miyezi 6 yathunthu.

Mawu oti "yathunthu" ndi pomwe ambiri amagwera. Ofesala akatenga sitetimenti ya ku banki sayang'ana ndalama yomwe ilimo tsiku lomaliza. Amatsika mzere ndi mzere kufunafuna tsiku lomwe ndalamayo idatsika kwambiri, ndipo chiwerengero chotsikitsitsacho ndicho amagwiritsa ntchito. Ndaonapo sitetimenti yokongola, miyezi itatu ndalama ili phee, kenaka mwezi wachinayi kumudzi kwagwa maliro, bambo atapamo £600 kutumiza ya bokosi ndi chakudya, patatha sabata abwezeramo. Kwa iwo palibe chomwe chidasowa. Kwa ofesala, ndalamayo idatsika pansi pa mlingo, ndipo miyezi 6 iyenera kuyambanso kuwerengedwa. Choncho ndimalangiza kuti ndalama ya viza ikhale mu akaunti yakeyake, yopanda khadi lomayenda nalo m'thumba, ndipo muikemo kapamwamba pang'ono, mwina £29,500 m'malo mwa £28,500 yeniyeniyo. Ya mavuto a kumudzi ikhale kwina. Ikhalenso akaunti yoti ndalama mungathe kuitapa nthawi ina iliyonse, ku banki yovomerezeka ndi boma la dzikolo. Ndalama ya ku banki m'khonde kapena ya chipereganyu, ngakhale ndi yanu ndithu, siwerengedwa mpaka italowa ku banki n'kukhalako miyezi 6.

Ngati mbali ina ya ndalamayo ili ku Malawi, samalani ndi kwacha. Lamulo limalola ndalama yosungidwa kunja kwa UK, koma amaisintha kukhala mapaundi potengera mtengo wa pa OANDA, tsamba la pa intaneti loonetsa mitengo yosinthira ndalama, wa tsiku lomwe mwapereka pempho. Mukukumbukira Novembala 2023, pomwe kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Munthu yemwe ndalama yake inali yokwana dzulo lake adadzuka ili yoperewera kutalitali. Popeza amalume ali ku Manchester, mphatso yawo ichoke mu akaunti yawo ya ku UK kupita mu akaunti ya amuna anu ya ku UK, mwachindunji, osadutsa m'manja mwa munthu wina.

Kalata ya amalume idzafunika, koma ya mtundu wina. Ikhale yaifupi: dzina lawo, ubale wawo ndi inu, kuchuluka kwa ndalama, tsiku lomwe adatumiza, komwe adaipeza, ndi mawu omveka bwino akuti iyi ndi mphatso, siidzabwezedwa, ndipo iwo alibenso ulamuliro pa iyo. Aphatikizepo sitetimenti yawo yoonetsa ndalamayo ikutuluka, kuti ifanane ndi ya amuna anu yoonetsa ikulowa. Apa ma payslip awo angathandize kuonetsa kuti munthu wa ntchito yawo angathedi kusunga ndalama yotere.

Pali chinthu chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa mapepala, ndipo ndikupemphani muchiganizire mofatsa. Mabanja ambiri amagwirizana chamseri kuti ndalamayo ndi yongobwereka, "ikhale momwemo mpaka viza ituluke, kenaka mubweze." Pa pepala alemba mphatso, mumtima ndi ngongole. Choyamba, kumeneko n'kunamiza boma, ndipo zikadziwika pempho limakanidwa, dzina lanu limada pa mapempho onse a m'tsogolo, nthawi zina khomo limatsekedwa mpaka zaka 10. Chachiwiri, viza yoyambayi ndi ya zaka ziwiri ndi miyezi 9 yokha. Ikamatha mudzayenera kuonetsanso ndalama, ndipo pa zaka zisanu mudzaonetsanso popempha chilolezo chokhalitsa. Chachitatu, ndipo ichi ndi chomwe ndachiona chikupweteka anthu, ndi chibale. Amalume ali ndi akazi awo, ali ndi ana, mwina ali ndi ngongole ya nyumba. Ndalama yokwana £15,000 kapena £20,000 ikachoka m'nyumba popanda azakhali anuwo kudziwa, mudzafika ku UK n'kupeza nkhope zakugwa pomwe mumayembekezera kulandiridwa. Paja amati chibale ndi fupa sichiola, koma ndalama yosakambirana bwino imachiswa ndithu fupalo. Khalani pansi nonse, ngakhale pa foni ya kanema, amalume ndi akazi awo, inu ndi amuna anu, mufunsane poyera: kodi iyi ndi mphatso yeniyeni? Ngati yankho ndi lakuti ayi, isiyeni njirayi. Palibe chamanyazi pamenepo.

Ndipo kunena zoona, pa nkhani yanu ine sindikuona kuti mphatso ndiyo njira yoyamba. Kuperewera kwa £5,000 pachaka ndi pafupifupi £417 pamwezi. Mu Epulo 2025 malipiro otsikitsitsa a munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo adafika pa £12.21 pa ola. Pa mtengo umenewo, £5,000 ndi maola pafupifupi 8 pa sabata, kutanthauza shifiti imodzi yowonjezera. Kwa munthu wolipidwa pa ola yemwe wakhala ndi bwana m'modzi miyezi 6 kapena kuposa, amaphatikiza zonse zomwe walandira pa miyezi 6 yapitayo, ovataimu yomwe, n'kuchulukitsa kawiri. Ndiye amuna anu akafikitsa £14,500 pa miyezi 6, msonkho usanadulidwe, akwanitsa lamulo popanda khobidi la munthu wina. Ntchito yachiwiri kwa bwana wina imawerengedwanso, ngakhale kawerengedwe kake kamasintha ngati sanakhaleko miyezi 6. Ndikudziwa kuti ntchito yosamalira okalamba ndi yotopetsa, yonyamula anthu, yoswa msana, ndipo sindikunena izi mopepuka. Koma onani: kudikira kwake ndi miyezi 6 yomweyo yomwe mukadadikira ndi mphatso ya amalume, ndipo pamapeto pake simukhala ndi ngongole kwa aliyense. Mungathenso kuphatikiza ziwirizi. Akafika pa £27,000, yosunga yofunika imatsika kufika pa £21,000.

Ngati muli ndi nyumba ya lendi m'dzina lanu kapena la amuna anu, kaya ku Area 25 kaya ku Chilomoni, lendi ya miyezi 12 yapitayo itha kuwerengedwa, malinga pali mapepala a umwini, pangano la lendi, ndipo ndalamayo imalowa ku banki. Ya pamanja ilibe umboni.

Pa umboni wa malipiro, zinthu zitatu ziyenera kuyankhulana: ma payslip a miyezi 6, masitetimenti a miyezi yomweyo oonetsa ndalama yomweyo ikulowa, ndi kalata ya bwana yonena ntchito yawo, nthawi yomwe akhalapo, mtundu wa kontrakiti ndi malipiro. Payslip ikati £1,812.40, ku banki kuonekenso £1,812.40. Pepala lomaliza lisapitirire masiku 28 pofika tsiku lopereka pempho. Mabanja ena amakanidwa ndalama ali nayo yokwana, chifukwa chongosowa payslip ya mwezi umodzi.

Kwina komwe amalume angathandize popanda vuto lililonse ndi pa malo ogona ndi pa zolipira. Lamulo limafuna kuti muonetse malo okwanira okhala, ndipo limalola kuti malowo aperekedwe ndi wachibale. Ngati amuna anu akukhala m'chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ndi anthu ena, amalume atha kulemba kalata yokulolani kukhala kwawo, n'kuphatikiza umboni woti nyumbayo ndi yawo, kuchuluka kwa zipinda ndi anthu okhalamo, kuti zioneke kuti simudzathithikana. Koma zikhale zoona. Ntchito ili ku Leicester, nyumba ili ku Manchester, ofesala adzafunsa kuti mudzakhala bwanji limodzi. Mwina chothandiza kwambiri n'choti amalume athandize dipoziti ya nyumba ku Leicester komweko.

Zolipira nazo ndi phiri. Mu 2025 pempho lochokera kunja kwa UK linali £1,938, ndipo ndalama ya zaumoyo, ija ya IHS, inali £1,035 pachaka, yomwe pa viza imeneyi imakwana £3,105. Onjezanipo mayeso a Chingerezi a mlingo woyambirira wa A1, kuyezetsa TB ku chipatala chovomerezedwa ndi Home Office, ndi tikiti ya ndege. Zonsezi aliyense atha kukulipirirani, palibe amene amafunsa. Amalume akasenza mbali imeneyi, amuna anu n'kulimbana ndi mashifiti, ndiye kuti aliyense wagwira pomwe lamulo limamulola.

Mwina mudzamva wina akunena kuti pali njira yomwe lonjezo la wachibale limalandiridwa. Ilipodi, koma ndi yopapatiza. Mu 2017 khoti lalikulu la UK, Supreme Court, pa mlandu wotchedwa MM (Lebanon), lidagamula kuti lamulo la malipiro ndi lovomerezeka, koma boma liyenera kuganizira ubwino wa ana komanso magwero ena a ndalama pa nkhani zapadera. Malamulo adasinthidwa chaka chomwecho. Tsopano ngati kukana viza kungabweretse mavuto aakulu kopitirira muyeso kwa wopemphayo, mnzake kapena mwana, ofesala atha kuganizira thandizo lodalirika la munthu wina. Kawirikawiri izi zimakhudza mabanja omwe ali ndi mwana yemwe ndi nzika ya UK, kapena pomwe pali matenda aakulu. Kusowana kwa mwamuna ndi mkazi, ngakhale kumawawa chotani, pakokha sikukwana. Ndiponso wolowera njira imeneyi amadikira zaka 10 kuti apeze chilolezo chokhalitsa m'malo mwa zisanu, akulipira miyezi 30 iliyonse. Pa zomwe mwalemba, sindingakulangizeni kuidalira. Palinso mpata wina kwa omwe wowatengayo amalandira thandizo la boma la ulumali kapena losamalira wodwala, monga PIP kapena Carer's Allowance. Amenewo safunsidwa £29,000, amangoonetsa kuti ndalama yotsala akalipira nyumba ndi yokwana kukhalira.

Chiyeso china chomwe chidzabwere, mwina chabwera kale, ndi chakuti "bwerani kaye pa viza yocheza, zinazo tidzaona konkuno." N'zoona kuti pa viza yocheza wachibale amaloledwa kukulipirirani ulendo ndi kukusungani, bola ubale wanu ndi weniweni, iye akukhala ku UK movomerezeka ndipo ndalama ali nayo. Apo kalata ya amalume imagwira ntchito. Koma viza yocheza ndi ya miyezi yosapitirira 6, simuloledwa kugwira ntchito, ndipo simungaisinthe kukhala ya banja muli konko. Komanso ofesala akaona kuti amuna anu ali ku UK, amakayika ngati mudzabwerere, ndipo kukanidwa kumeneko kumakhala m'mbiri yanu. Mukapitirira masiku, mwaononga pempho lenileni lomwe likadatheka. Kwa amene akuganiza za sukulu, nakonso amalume sawerengedwa: ndalama ya wophunzira iyenera kukhala mu akaunti yake, ya mwamuna kapena mkazi wake yemwe ali ndi chilolezo cha ku UK kapena akupempha naye limodzi, ya kholo lake kapena ya womulera wovomerezeka mwalamulo, pokhapokha ngati akulipiriridwa ndi boma, yunivesite kapena bungwe lovomerezeka.

Ngati amuna anu ali ndi bwana m'modzi ndipo afikitsa £14,500 ija bwinobwino, mabanja ambiri amalemba okha pempho lotere. Koma funani katswiri musanalipire kalikonse ngati mukuphatikiza malipiro ndi zosunga, ngati asintha ntchito posachedwa kapena ali ndi mabwana angapo, ngati amadzilemba okha ntchito, ngati mudakanidwapo viza ya dziko lililonse, kapena ngati wina wa inu adakhalapo pa banja lina ndipo mapepala a chisudzulo sali bwino. Pali misampha ina yosaoneka, mwachitsanzo zosunga siziphatikizidwa ndi ndalama ya munthu wodzilemba yekha ntchito. Ku UK munthu wopereka malangizo a viza ayenera kukhala loya wovomerezeka kapena wolembetsedwa ku Immigration Advice Authority, yomwe kale inkatchedwa OISC, ndipo dzina lake mutha kulifufuza pa intaneti. Wa pa Facebook wolonjeza kuti "akukonzerani sitetimenti" kapena kukubwerekani ndalama yongoonetsa, muthaweni. Pempho likakanidwa muli ndi ufulu wochita apilo pasanathe masiku 28 kuchokera pomwe mwalandira chigamulo, ndipo pamenepo musachedwe kupeza loya.

Sabata ino apempheni amuna anu asonkhanitse ma payslip a miyezi 6 yapitayi, aphatikize ndalama ya pamwamba ija msonkho usanadulidwe, aone kuti atalikira bwanji £14,500. Anthu olipidwa pa ola nthawi zambiri sadziwa chiwerengero chawo chenicheni, ndipo ovataimu ya Khirisimasi ndi masiku a tchuthi itha kukhala itawafikitsa kale pafupi kuposa momwe mukuganizira. Chiwerengero chimenecho chikadziwika, mudzadziwa choti mukawapemphe amalume: mphatso, dipoziti ya nyumba, kapena zolipira za viza. Inuyo kumbali yanu yambani kukonzekera mayeso a Chingerezi ndi kusunga umboni wa ukwati wanu, setifiketi, zithunzi, mauthenga ndi ma risiti a ndalama zomwe amakutumizirani. Kuyezetsa TB kudikire kaye, chifukwa setifiketi yake imagwira ntchito miyezi 6 yokha.